Makhadi a Buluu a Chiliza cha Atate

Kapata, Chipata
18 Seputembala 2024

Okondedwa akulu anga a Irene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu a Howard ndi ana. Ife kuno tilipo, ngati kukhalapo n'kudzuka m'mawa n'kupeza magetsi kulibe, pampopi pauma gwa, dzuwa latuluka kale ndi ukali wake wadzulo. Musadabwe kuti ndakulemberani kalata pamene foni muli nayo, yodulanso. Pafoni mumandidula mawu, Asisi. Munazolowera kulamula odwala m'wodi, ndiye mumayesa aliyense wagona pabedi kudikira jakisoni wanu. Pepala silidula munthu mawu, choncho muwerenge mpaka kumapeto.

Uthenga wanu ndinaulandira. Mwati khadi loitanira anthu ku mwambo wovundukula chiliza cha Atate lafika, n'lokongola, ndipo anamwino anzanu akufunsa kumene ndinagula pepala la buluu wotere. Zikomo. Pa zaka zonse zimene ndakhala mng'ono wanu, aka n'koyamba kuti muyamikire chinthu chotuluka m'manja mwanga. Mwatinso ndisaiwale kubweretsa makalata a Atate pa 5 Okutobala, chifukwa Amayi akufuna kuti yomaliza ija iwerengedwe pamanda. Nkhani ziwirizi yankho lake ndi limodzi, koma mundilole ndifikepo pang'onopang'ono.

Mukudziwa kuti makhadi anga, amene inu mumawatcha zidole za Hellen, pepala lake ndimapanga ndekha. Ndimaviika mapepala akale m'madzi masiku atatu, n'kuwagaya m'bulenda mpaka akhale ngati phala losalala, n'kuthiramo phala la chinangwa pang'ono kuti agwirane. Kenaka ndimatunga ndi sefa ya neti ya udzudzu, n'kukhuthulira pansalu, n'kuyanika. Likauma ndimadula, n'kumatapo maluwa ouma a jakaranda kapena ulusi wa thunthu la nthochi, n'kulembapo ndi dzanja. Masiku ano anthu a m'tauni muno amatumizirana maluwa a pafoni ophethira ngati magetsi a m'bala, ndiye kathebulo kanga ku msika wa Kapata kamakhala ngati guwa la mpingo umene anthu anauthawa. Sindidandaula. Sindinayambe ntchitoyi chifukwa cha iwo.

Amayi atanena kuti makhadi a chiliza ndipange ine, osati anyamata a makompyuta a ku Down Shops, ndinafuna pepala labwino. Manyuzipepala amatulutsa pepala lotuwa ngati phulusa, ndipo Atate sanali munthu wa phulusa. Ndiye ndinakoka katoni ija ya pansi pa bedi, ya makope anga a ku yunivesite. Makope khumi ndi anayi a malamulo. Ndinati mumtima, loya sanatulukemo, bola mutuluke makhadi. Ndinawaponya m'diramu athunthu, osatsegula ngakhale limodzi, n'kuthira madzi, n'kuvundikira.

Tsiku lachitatu nditavundukula, madzi anali a buluu.

Asisi, ine kusukulu ndinkalemba ndi bolopeni yakuda, ndipo inki ya bolopeni siisungunuka m'madzi. M'banja mwathu munali munthu mmodzi yekha wolemba ndi cholembera chomwetsa inki ya m'botolo, amene ankati mphunzitsi wolemba ndi bolopeni ali ngati m'busa wolalikira atavala patapata. Mwamudziwa kale.

Apa ndiye pali zimene simudziwa. Nonse mumati ndinasiya sukulu chifukwa imfa ya Atate inandisokoneza mutu, ndipo ine ndinakulolani kuganiza choncho chifukwa ndi nkhani yovala bwino. Zoona zake n'zakuti ndinasiya chaka ndi miyezi iwiri Atate asanamwalire. Ndinalephera phunziro limodzi kawiri, ndipo anandiuza kuti ndibwereze chaka chachitatu, ndikhale m'kalasi limodzi ndi tiana timene ndinkatilozera kumene kuli laibulale. Ine, Hellen Njobvu, amene mudzi wathu wonse wa Chiparamba unandiperekeza kokwerera basi ndi nthungululu! Ndinanyamula katundu wanga n'kukachita lendi kachipinda ku Mtendere, mu Lusaka momwemo, n'kumakulunga mphatso m'shopu ina m'tauni. Holide ikafika ndinkanena kuti ndikuphunzira ntchito kwa maloya. Inu munanditumizira jekete yakuda yoti ndizivala kukhoti. Ndinkaivala podula maliboni.

Atate anapitiriza kulemba. Mukukumbukira mmene ankachitira: ankati nkhani ya pafoni imapita ndi mphepo, ndiye kalata ankaisokerera pakamwa pa kathumba ka mtedza n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Lusaka. Pa envelopu iliyonse ankalemba kuti, Kwa Loya wa Banja. Mtedza ndinkadya. Makalata sindinkatsegula. Ndinkawalowetsa pakati pa makope kuti asamandiyang'ane, momwe munali kale akale aja amene ndinawerenga ndikadali munthu. Osatsegula analipo asanu ndi anayi, ndipo yomaliza inafika kutatsala masiku anayi kuti iwo atisiye.

Ndikanakonda kukuuzani kuti inali ngozi chabe. Poviika ndinaiwaladi, kapena ndinadziiwalitsa, Mulungu ndiye adziwa. Koma tsiku lachitatu lija ndinadziwa. Makope okhuthala madzi salowa msanga pakati. Ndikanapisa dzanja m'diramumo, awiri kapena atatu ndikanawapulumutsa n'kuwayanika padenga. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza chinthu chimodzi: ndikawapulumutsa, ndiyenera kuwawerenga. Magetsi kunalibe, bulenda ili duu pathebulo. Ndinapita kwa a Magalita, oyandikana nane aja ogulitsa zitumbuwa, kukabwereka mtondo.

"Mwayamba liti kusinja, a Loya?" anandifunsa. Komboni yonse imanditcha choncho.

"Lero. Ndikusinja malamulo."

"Akapsa mutigawireko, mwina ana angawa n'kuchenjera." Atasuzumira m'diramu anagwira m'chiuno. "Koma mtondo wanga ubwere woyera, mwamva? Bambo akunyumba akaona nsinjiro za buluu adzati ndawathirira kondaine, chikhalirecho ine ndikufuna mankhwala owachotsa pakhomo."

Ndinaseka nawo, Asisi. Kenaka ndinasinja mpaka m'manja munatuluka matuza.

Makhadi anatuluka makumi asanu ndi limodzi, a buluu wofewa ngati yunifolomu yochapidwa kambirimbiri. Pa lililonse ndinalembapo kuti Boaz Njobvu, Mphunzitsi. Sindinapangepo makhadi okongola chotero, ndipo sindidzapanganso. Ndiye anzanuwo muwauze kuti mtundu umenewo sugulitsidwa. Amene ankaupanga anamwalira.

Lamlungu la sabata yatha ndinapita ku Chiparamba kukasiya makhadi a anthu akumudzi. Ndinapeza Amayi pakhonde akusenda mtedza wochepa umene chilala chawasiyira chaka chino. Anapukuta manja pachitenje asanagwire khadi, n'kulisisita ngati tsaya la mwana.

"Atate ako akanaukonda mtundu uwu," anatero. Kenaka anafunsa osandiyang'ana: "Hellen, kalata ija analemba ali m'chipatala ku Tamanda, uli nayo?"

"Ndili nayo, Amayi."

"Anailemba masiku awiri. Ine ndinkawagwirira botolo la inki kuti lisatayikire pabulangete. Ndikati ndisuzumire, ankabisa ndi chigongono ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Anati, iyi ndi ya ine ndi Hellen, akadzafuna adzakuwerengera yekha. Zaka ziwiri ndadikira kuti ufune, mwana wanga. Pamanda paja undiwerengere. Ndimve mawu awo kamodzi kokha, kenaka ndiwasiye agone."

Ndinati, "Chabwino, Amayi." Pakamwa panga pano, pamene sipanagonjepo kwa kondakitala kapena mkulu wa mpingo mu Chipata muno, panangotuluka zimenezo.

Pali chinthu chimene ndinkachidziwa bwino koma tsiku losinja lija sindinachiganizire. Bulenda imagaya zonse, koma mtondo umasiya timagawo. Ndikubwerera m'minibasi ndinatsala ndi khadi limodzi, ndiye ndinkadzitchinga nalo dzuwa la pawindo. Dzuwa litapyola pepalalo ndinaona mkati mwake kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, kali ndi zilembo. Zinali zosuluka, koma dzanja lake sindingalisokoneze ndi la munthu wina. Panali mawu awiri okha: bwera kunyumba.

Mwina ankanena za Khirisimasi chabe. Mwina wina anawauza kuti anaona Loya wa Banja akumanga maliboni m'shopu, ndipo miyezi yonse ija ankandiitana, ine ndikutafuna mtedza wawo. Sindidzadziwa. Ndinapitirira potsikira panga, ndipo kondakitala atandifunsa kumene ndikupita ndinamutukwana popanda chifukwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ngati wamisala. Tizidutswa tonse timene ndinadula m'mbali mwa makhadi ndatiyang'anitsa kudzuwa kamodzikamodzi. Ndapeza mawu akuti mvula, akuti mbuzi, ndi akuti amayi ako. Basi. Dzana ndinapita ku komboni ya Mchini kwa azakhali a Zelipa.

"Azakhali, tandibwerekani khadi lija, pali pena ndikufuna kukonza."

"Ukonze chiyani? Ukufuna undichotse pa oitanidwa eti? Akutuma ndi amayi ako?"

"Sananditume munthu. Ndingoliona panja pano n'kukubwezerani."

"Ulionere pomwepo. Maso uli nawo, anayinso ndi magalasi ako a ku yunivesitewo." Analitsekera m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu aja amene sanamwerepo munthu chigulire. "Ameneyo ndi mlongo wanga. Khadi silituluka muno."

Ndinaliyang'ana kudzera pagalasi ngati munthu wodzazonda mkaidi. Sakudziwa kuti ananena zoona kuposa mmene ankaganizira. Makhadi ena ali ku Petauke, ena ku Lundazi, ena anawoloka malire kupita ku Mchinji. Ena ndikhulupirira ana awapinda kale kukhala ndege, ena akukupizira moto pambaula. Atate ndawamwaza dziko lonse ndi manja anga, ndipo anthu akundiyamikira.

Musaganize kuti sindinayese njira ya mbala. Dzanja la Atate ndimalitha, popeza ndi iwo anandiphunzitsa kupendeketsa zilembo. Ndinapeza inki, ndinakhala pansi, ndinalemba kuti Wokondedwa mwana wanga Hellen, ndipo ndinaima pomwepo. Ndikalemba kuti akundinyadira, ndiye kuti ndawaika bodza langa m'kamwa ali m'manda. Ndikalemba kuti andikhululukira, ndiye kuti ndadzikhululukira ndekha ndi dzanja lakuba. Komanso Amayi anagwira botolo lija masiku awiri, ndipo anakhala ndi munthuyo zaka makumi anayi. Mzere woyamba usanathe adzadziwa kuti akulankhulayo si mwamuna wawo.

Tsopano pempho langa, ndipo mukudziwa kuti kupempha inu kumandiwawa kuposa kuzula dzino. Khadi lanu ndi lomaliza, la pansi pa beseni lotungiramo phala, pamene pamadikha zonse zosasinjika bwino. N'chifukwa chake ndi lokhuthala ndipo lili ndi timatupsya. Ndinakusankhirani dala loipitsitsa, Asisi, chifukwa cha mawu anu aja a zidole, ndipo inu mwati n'lokongola. Ngati pali khadi limene Atate atsalamo kwambiri, ndi lanulo. Mulichotse pafiriji pamene ndikudziwa kuti mwalimata, mutuluke nalo panja masana dzuwa lili paliwombo, muliyang'anitse kudzuwa, mulitembenuze mbali zonse. Musalinyowetse, musalikande ndi singano, si bala. Chilichonse chimene muone mundilembere, ngakhale atakhala mawu amodzi. Ukali wanu musunge, mudzandipatsa pamaso, ndipo ulendo uno sindidzayankha.

Sindikuyembekezera zambiri. Mwina inunso mupeza mbuzi. Ndipo ngakhale mutapeza mzere wathunthu, sungakhale kalata ya masiku awiri imene Amayi akudikira.

Pa 5 Okutobala ndidzabwera, musaope kuti ndithawanso. Abusa akadzati mwana wamng'ono awerenge, ndidzaimirira ndi pepala limodzi la buluu limene linatsala podula makhadi, losalembapo kanthu. Ndidzawapatsa Amayi m'manja n'kuwauza, pamaso pa azakhali ndi mpingo wonse, kuti kalata ija ndi imeneyi, ndiponso mmene inakhalira chonchi. Zimene zidzachitike pambuyo pake sindikuziona bwino. Amayi sakalipa, mukudziwa. Adzangolipinda n'kuliika m'buku la nyimbo, ndipo sadzandifunsanso kanthu mpaka imfa. Chonde musawaimbire foni kuti muwakonzekeretse. Chinthu chimodzi ichi chokha ndimalize ndekha.

Mupereke moni kwa alamu a Howard, muwauze kuti tsopano akhoza kunena momasuka kuti anandionera patali. Mwana wanu Juliet, amene amakonda kudula mapepala ngati ine, mumuuze kuti kasizasi kanga kakang'ono ndidzamubweretsera, chifukwa sindikuona kuti ndidzakafunanso. Mumuuzenso kuti agogo ake akamulembera, azitsegula tsiku lomwelo. Jekete yanu yakuda ija ndaichapa n'kuisita. Potsiriza yapeza mlandu woti ikaimepo.

Ndine mng'ono wanu, kaya mudzandifunabe kapena ayi,

Hellen