Pemphani Sanandisekerebe

Mgona, Lilongwe
Lamulungu masana

Okondedwa achemwali anga a Vaileti,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana. Nanga Amayi mwendo uja ukuwavutabe? Ife kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi kupepesa. Tsiku lija munandifunsa pafoni ngati Pemphani wayamba kuseka, ine n'kumati halo halo sindikukumvani, foni n'kuduka, sinali netiweki ayi. Ndinadula ndine. Ndinkadziwa kuti Amayi ali pambali panu pomwepo akumvetsera. N'chifukwa chake ndalemba pepala ngati munthu wakale, ndapatsira a Lucious amene akubwera kumaliro kumeneko. Muwerenge muli nokha, mukamaliza mubise.

Yankho la funso lanu ndi ili. Pemphani wakwanitsa masabata 11 ndipo ine mayi wake sanandisekerepo. Olo kamodzi, achemwali!

Mnzanga Irene wa nyumba yoyang'anizana nafe anachira patangopita masiku anayi ine nditachira. Mwana wake Tiwale anayamba kumwetulira kalekale. Ukangomusuzumira basi nkhama zonse pamtunda, timiyendo m'mwamba. Wanga amangokuyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu. Ndayesa zonse. Kuliza makiyi, kumugirigisha, kulira ngati mphaka, mpaka kumuvinira. Iye duu.

Aubrey amati ndisiye kudandaula, mwana wake ndi bwana, mabwana saseka wamba. Koma iyeyo amalawirira ku kabaza mwana ali mtulo, pobwera amamupezanso ali mtulo. Lamulungu lapitali ndinamuona atamuika pamiyendo akumuimbira likhweru nthawi yaitali. Kenako anamugoneka, n'kutuluka, n'kukayamba kupukuta njinga yoti anali atapukuta kale.

Mukudziwa kale chimene ndikuopa. Ndi mchimwene wathu Herbert. Ndikatseka maso ndimamuona pakhonde paja, zaka 19, akundandalika zitsekerero za mabotolo, osalankhula, osayang'ana munthu kumaso. Ndimamukonda Herbert, Mulungu akudziwa. Koma ndimakumbukiranso mmene Amayi anavutikira, zonena za akuchimuna, ndi mmene Ababa anapitira ku Joni osatembenukanso. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Njewa kudzaona mwana. Anamunyamula, kumusewereza, iye osaseka. Ndiye anangondifunsa mofatsa kuti paja kwathu kuli mnyamata wosalankhula uja anamuona pachinkhoswe eti. Bola akanandikalipira.

Lachinayi ndinapita kusikelo. Atamuyeza ndinalimba mtima n'kuwauza anesi. Anali munthu wabwino, sanandikalipire. Anayendetsa katochi, maso a mwana n'kumatsatira. Anaomba m'manja kumbali, iye n'kudzidzimuka. Akuti maso ndi makutu zikuoneka kuti zili bwino, komanso poti anabadwa masiku asanakwane ndi masabata atatu, ndisamamuyerekeze ndi wa Irene. Koma anati ndibwerenso pakatha masabata awiri, akakhala kuti sanayambebe adzandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Achemwali, nditangomva kuti chipatala chachikulu, zina zonse sindinazimvenso bwino.

Ndikumanga mwana kuti ndizipita, anandifunsa kuti kodi mwanayu tsiku lonse amaona chiyani. Ndinadabwa, funso lanji limeneli? Ndiye ndinayamba kuwafotokozera ntchito yanga, ndipo ndikufotokoza choncho ndinayamba kudzimva ndekha.

Paja ndinakuuzani kuti ndinabwerera ku ganyu yosankha mtedza mwana ali ndi mwezi umodzi. Timakhala pansi m'shedi, mizeremizere, lichero pamiyendo, kuchotsa wowola ndi wachuku kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Fumbi lake ndi loopsa, ndiye timamanga kansalu kukamwa ndi mphuno, kumangotsala maso. Pemphani amakhala kumbuyo, nditamufunditsa chitenje. Poyamwitsa ndimamulowetsanso m'chitenje, dzanja lina likusankhabe, chifukwa abwana safuna kuona manja ataima. Tikafika kunyumba ndi madzi, makala, matewera. Ndiye mwana wanga tsiku lonse amaona nkhongo yanga ndi mfundo ya mpango. Anesi anangogwedeza mutu n'kunena kuti mwana amaphunzira kuseka pankhope ya munthu, ndizimupatsako yanga.

Tsopano imvani zimene zinachitika Lachisanu.

Kumbuyo kwanga pamzere kumakhala mayi ena achikulire a ku Dowa, timawatcha amake Godwin. Iwo samanga kansalu, amati anafwenkha fodya zaka zambiri, fumbi limawaopa. Mano atsala atatu. Anandiona kuti ndikusankha ndikulira, ndiye anandifunsa, ine n'kuwauza zonse. Achemwali, anaseka mpaka lichero kupendama! Akuti ndikunena amuna awo omwewa? Paja Pemphani amamutcha amuna awo. Akuti amuna awowa akhala akuwasekera kuyambira sabata yatha. Akuti ine ndikaweramira mtedza iwo amapinda chitenje pang'ono n'kuyamba kucheza nawo, kuwafunsa kuti sopo agula liti, bwanji amangogona osapita kumunda, ndipo bambowo amangoti mwee. Amaganiza kuti ndikudziwa.

Sindinakhulupirire. Ndinati akungondipepesa. Anati chabwino ndiyang'ane kutsogolo, n'kuyamba timawu tawo tija, kenako n'kukuwa kuti ndi uyo, ndi uyo! Ndikatembenuka, mwana amagwedezeka, nkhope yabwerera ya upolisi ija. Katatu konse. Azimayi onse anasiya ntchito, ena akundiseka, ena akuti ndisatembenuke msanga. Mapeto ake Irene, poti naye amagwira konko, anatulutsa foni yake n'kujambula vidiyo.

Ndinaiona. Ndi yaifupi kwambiri. Akuoneka amake Godwin ndi mano awo atatu, kenako kankhope ka mwana wanga kakusuzumira m'chitenje. Kumwetulira kwake kumayambira mbali ya kumanzere, kenako kamwa lonse, timaso n'kutsinzina. Ndi wokongola, achemwali. Ndinalira ngati pamaliro, azimayi akuimba nthungululu.

Pompo ndinamumasula, ndinakoka kansalu kukamwa kuja, n'kumuyandikiza nkhope yanga ndikumuitana dzina. Anandiyang'ana. Anandiyang'anitsitsa ngati mlendo. Kamlomo kanayamba kunjenjemera, n'kulira, n'kumapotoza khosi kufunafuna kumene kunali mawu a amake Godwin.



Amake Godwin sanandinyengerere. Anandifunsa kuti kodi ineyo mwanayu ndinamusekera liti. Akuti amandiona ndikamamutulutsa m'chitenje, ndimamuyang'ana mmene ndimayang'anira mtedza, kumutembenuza uku ndi uku kufunafuna chuku. Akuti ngakhale iwo munthu atamawayang'ana choncho sangaseke. Ndi zoona. Makiyi ndinkaliza, kuvina ndinkavina, koma nkhope yanga inali ya munthu amene akudikira uthenga woipa.

Mwina mukuti basi nkhani yatha, mwana ali bwino. Inenso ndimadziuza choncho m'mawa, koma pofika masana mantha abweranso. Bwanji ngati unali mpweya wa m'mimba chabe? Bwanji ngati Herbert nayenso ankasekera munthu mmodzi yekha ali khanda, kenako n'kusiya? Ine ndinali wamng'ono, sindikumbuka. Vidiyo ija Irene ananditumizira, ndaionera mpaka foni kuzima. Aubrey nditamuonetsa analumpha, akuti akawaonetsa amake ku Njewa. Ndamuletsa. Akakandifunsa kuti nanga mwana akusekera ndani pamenepa, ndidzati chiyani?

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwafunse Amayi, koma mozungulira, muziti ndi mwana wa mnzanu wa kutchalitchi. Herbert ali khanda ankamwetulira? Ankasekera ndani? Nanga iwo anayamba liti kuona kuti zinthu sizili bwino, ndipo anaona chiyani? Zimene anene mundiuze zonse Lachinayi la kusikelo lisanafike. Musandisankhire zabwino zokha, ndine mayi tsopano. Mukaimba foni mukaimbire kuseri kwa khola.

Kuyambira dzulo ndikumamubereka kutsogolo. Pampopi akundiseka kuti ndasanduka dona wa ku Area 10. Mawa kuntchito ndimupatsa Irene malo anga, ine ndikakhala kukhomo kumene fumbi limachepa, ndipo poyamwitsa kansalu ndizichotsa, manja aime, abwana anene zimene anene. Ndayeseranso kumwetulira pagalasi. Musaseke! Zikutuluka ngati chithunzi cha pachitupa, masaya akuchita kuwawa. Koma m'mawa uno ndikumusambitsa sopo anandipulumuka n'kugwera m'ndowa ya madzi akumwa, ndinaseka zenizeni mosaganiza. Pemphani anasiya kupalasa miyendo n'kuyang'ana pakamwa panga nthawi yaitali. Kamlomo ka kumanzere kanagwedezeka pang'ono. Sindikuwerengera. Ndikuopa kuwerengera.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo akunenepa, zimenezo si bodza. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka Maureen, muuzeni alimbikire sukulu.

Herbert yekha musangomuuza moni muli chiimire mmene timachitira muja. Ndakhala ndikuganiza, achemwali. Zaka zonsezi ife tonse, ine, inu, ngakhale Amayi, timamuyang'ana ndi maso a mtedza omwe aja. Mukakhale naye pansi pakhonde, pafupi ndi zitsekerero zake. Mumusekere inuyo, musadikire kuti ayambe iye. Mumuuze kuti moni umenewo ndi wanga.

Ndine mng'ono wanu wamantha uja,
Thokozire, amake Pemphani