Mafunso a Mafupa Pamsewu

Lolemba, 3 Febuluwale
Mwana wanga Mzime wapsereza diresi la kasitomala. Simbi pansalu, maso pafoni. Fungo ndi limene linamudzidzimutsa. Gemu yomwe ija ya zipatso zogwa. Akuti, "Ababa, imanola ubongo." Zala n'zachangu ndithu, koma zimene anawerenga dzulo sakuzikumbuka. Mayeso a unamwino abwereza mu Epulo. Akalepheranso, sukulu imuchotsa. Mayi ake akanadziwa chonena. Ine ndangosoka chigamba.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Mwini diresi ndi namwino wopuma ntchito. Sanakalipe. Anamuyang'ana Mzime kanthawi, kenako kwa ine: "Mwanayu wakhala pansi chichokereni kumaliro a mayi ake. Muyendetseni atuluke thukuta, mutu utseguka." Kaya n'zoona. Njira ina ndilibe.

Loweruka, 8 Febuluwale
Tayenda m'mawa mpaka pamlatho. Foni inatsala m'kabati ya ulusi, mwini wake nkhope gwa. Buku lake m'manja mwanga, ine kufunsa maina a mafupa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, lilime kukana. Anaseka mpaka kugwira mpanda wa eni ake. "Ababa, fupa limenelo mwa munthu mulibe!" Kaseko ka mayi ake kenikeni. Ndinayang'ana kumbali.

Lachitatu, 26 Febuluwale
Gemu akusewerabe, koma tikatha kudya basi. Sindiletsa. Lero wayankha tsamba lonse osaphonya. Wayamba kuthamanga. Ine bondo kuwawa. Amakafika pamlatho, kubwerera, kundipeza ndikukwekwereza mwendo, kuyankha funso limodzi ali wefuwefu, n'kuthamanganso. Anyamata otchaja mafoni pakona amati, "Madala, akusiyani!" Ndimakweza buku.

Lachisanu, 14 Malichi
Wapeza anzake akusukulu othamanga nawo. Amafunsana okhaokha, mawuwo amawatchula bwino. Dzulo anati, "Ababa, mawa mupumitse bondolo." Ndinavomera.
Ndinadzukabe. Nsapato kuvala. Kukhala pamakina, osapalasa, mpaka dzuwa kufika pazenera. Nyumbayi ikakhala chete imakula.

Lachiwiri, 8 Epulo
Mayeso lero. Wadzuka yekha, wasita yekha, simbi wazimitsa. Ndatsegula shopu, kolala imodzi kuisoka mozondoka kawiri. Wobwera kudzafunsa kuti zikuyenda bwanji, palibe. Kale tinkadikira awiri.

Lachiwiri, 20 Meyi
Wakhoza. Analowa akukuwa, kasitomala mpaka kugwetsa thumba. Ntchito amupatsa kuchipatala chakutali, basi ya tsiku lathunthu. Anyamuka sabata yamawa. Ndi zimene ndinkafuna. Ndikudzikumbutsa.

Loweruka, 24 Meyi
Ndikumusokera yunifomu. Nsalu yoyera, ndasamba m'manja kangapo. Ataimirira pampando kuti ndipinde m'munsi, anati, "Ababa, mukhala bwino nokha? Munene zoona."
Pakamwa panga panali mapini. Sindinawachotse.