Makapisozi a Amayi Ndinataya, Ndipo Sindipepesa

Ndirande, Blantyre
9 Januwale 2025

Okondedwa achimwene a Rodrick,

Muli bwanji ku Chiosya, inu ndi alamu ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Ine ndili bwino. Kuno mvula yatikwana. Denga la shopu yathu yosokera likudontha pamutu panga penipeni, moti mayunifomu a sukulu ndikusoka nditakokera makina kukhomo.

Uthenga umene munatuma malume a Stefano ndaumva. Akuti mukufuna ndidzapepese pamaso pa abale chifukwa ndinataya mankhwala a amayi m'chimbudzi pa Khirisimasi. Achimwene, sindipepesa. Ndikanapeza jumbo ina ya makapisozi m'nyumbamo, ndikanaitayanso. Koma poti tsiku lija tinangokalipirana osamvana, lolani ndilembe zimene ndinalephera kunena.

Mukudziwa mmene ndinadwalira zaka zinayi. Mimba kutupa ngati ndili ndi pakati, sabata ino kutsegula, sabata yamawa kudzimbidwa. Mu minibasi ndinkakhala pafupi ndi chitseko kuti zikavuta nditsike msanga. Anthu ananena zawo, mpaka ndinakayezetsa magazi katatu kuti akhale chete. Nthawi yonseyo ndinkamwa makapisozi ofiira ndi achikasu, omwewo amene mumagula kwa ogulitsa mobisa kuboda. Ena munkanditumizira ndinu pa basi. Sindikukuimbani mlandu. Munkachita mwachikondi, ndipo ine ndinkathokoza.

Mu Meyi chaka chatha ndinakomoka ndili pa makina. Kuchipatala ndinapeza dokotala wamkazi amene anandifunsa zimene wina aliyense anali asanandifunsepo: kuti pa chaka chimenecho ndinamwa makapisozi angati, ndipo anandilembera ndani. Nditayankha, anavula magalasi.

Kenako anandifotokozera kuti m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kosawerengeka, ndipo tambiri ndi tabwino. Timathandiza kugaya chakudya komanso kutchinga toyambitsa matenda. Makapisozi aja sasankha, amapha toipa ndi tabwino tomwe. Anati ndi mankhwala opulumutsa moyo akaperekedwa pa matenda ake, koma kumwa mwezi ndi mwezi osayezedwa kuli ngati kupopera mankhwala a udzu m'munda wa mtedza osayang'ana pomwe akugwera.

Sanandilonjeze kuti ndichira. Ananena mosabisa kuti mwina vuto langa lili ndi zifukwa zinanso. Anandiyeza chimbudzi, anandipatsa mankhwala a masiku ochepa, n'kundiuza kuti ndisiye zogula ndekha. Anati ndizidya mgaiwa, masamba, zipatso, chambiko ndi thobwa, nyemba ndiyambe pang'onopang'ono, ndipo zakumwa za m'mabotolo ndichepetse. Ndinatuluka ndili wokwiya. Zaka zinayi za ululu, munthu n'kundiuza za bonongwe.

Masabata oyamba zinaipiraipira. Tsiku lina ndinafika mpaka pa okala ndikufuna kugula makapisozi, ndinaima pamenepo, n'kugula machesi. Mayi wina wa kutchalitchi anandibweretsera tiyi amene ankati amatsuka m'matumbo. Ndinamuuza kuti matumbo anga si poto, ndawatsuka mokwanira. Mpaka lero satipatsana moni bwinobwino.

Pofika Seputembala ndinamasula misoko ya masiketi anga onse chifukwa anayamba kundithina. Sindikunena kuti ndachiriratu. Pali masiku amene mimba imandikumbutsa. Koma ndimagwira ntchito tsiku lonse, ndipo mu minibasi ndimakhala paliponse.

Tsopano mumve za amayi. Nditafika kumudzi ndinawapeza atatha thupi, chitenje chikuwazungulira kawiri n'kutsalako. Inu mumawaona tsiku ndi tsiku, mwina simunazindikire. Masana a tsiku lachiwiri, tikusenda mtedza wa nsinjiro kuseri kwa khitchini, ndinawafunsa chifukwa chimene asiyira kupita ku Misa. Anati amaopa kuchita manyazi m'tchalitchi, mimba siichenjeza. Kenako anatsitsa mawu.

“Felista, miyezi itatu tsopano ndikuona magazi ndikapita kuchimbudzi. Koma usawauze achimwene ako. Akuyesetsa, angataye mtima.”

Ndinawafunsa ngati anapitako kuchipatala.

“Ndipitirenji, mankhwala ali m'nyumba?”

Ndi pamenepo pomwe ndinalowa m'chipinda, ndinatenga jumbo ija n'kukaiponya. Inu munandipeza ndikutuluka m'chimbudzimo, ndipo munati tauni yandipatsa matama. Sindinakuyankheni zoona zake chifukwa amayi anali ataima pomwepo akundiyang'ana. Ndasunga chinsinsi chawo masabata awiri. Lero ndachiulula, ndipo akandikwiyira ndilandira.

Sindikudziwa chimene akudwala. Mwina ndi zonga zanga, mwina ndi china chachikulu. Ine ndine telala, inu ndinu mlimi, ndipo uja amakugulitsani kuboda sanawaonepo amayi n'kamodzi komwe. Magazi si chinthu choti tizilingalira tokha pakhomo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndifika Lamlungu pa 19 ndi basi yam'mawa. Lolemba ndikuwatenga amayi kupita nawo kuchipatala cha pa boma kuti akawayeze. Ndikufuna mudzawanyamule pa njinga yanu yamoto, chifukwa amakhulupirira inu kuposa ine, ndipo mukanena ndinu sakana. Kufikira tsikulo musawagulire kapisozi wina, ngakhale atapempha. Zikafika poipa ndisanabwere, musandidikire, thamangani nawo.

Mukakana, ndidzaitana kabaza, ndipo tidzapitabe. Koma ndikanakonda mukanakhalapo pamene dokotala akulankhula, mumve ndi makutu anu, osati kudzera mwa mlongo wamatama. Ngati mawu okalipa akadalipo, mudzandiuze pa benchi ya kuchipatala. Mzere wake ndi wautali, nthawi idzatikwanira tonse awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gladys, ndipo muwauze kuti bulauzi yawo ndamaliza. Moni kwa malume a Stefano ndi azakhali a Anasi, komanso kwa ana, Lonjezo ndi Princess. Amayi musawawerengere kalatayi. Mungowauza kuti ndikubwera.

Ndine mlongo wanu, wokukondani ngakhale tayambana,
Felista