Madzi a Jago

Lachiwiri, 7 Januwale

Mvula kuyambira m'mawa. Nthochi zokazinga zatsala theka la beseni, anthu sakutuluka.

Uthenga wa Gunadi wafika. Sitima yawo yophera nsomba inaima padoko tsiku limodzi, yabwereranso kunyanja. Mawu ake otopa. Akuti, "Amayi, mundijambulire Jago. Anzanga kuno sakukhulupirira kuti ndili ndi nsomba yokongola kuposa zibwenzi zawo." Mwana ameneyu. Miyezi yonseyi sanapemphepo chithunzi changa, koma cha nsomba.

Jago ali bwino. Kansomba kandewu, kutalika ngati chala, mchira wofiira psuu. Wadya timphutsi take ta udzudzu.

Lachinayi, 9 Januwale

Ndajambula mpaka foni kutentha. Zonse zoipa. Pena mukuoneka nkhope yanga pagalasi lomwe Jago amakhalamo, pena mchira wokha ukuthawa. Ndikayatsa kuwala kwa foni galasi limangoti mbee.

Choipitsitsa ndi madzi. Ofiirira ngati tiyi wogona, chifukwa cha masamba ouma a mtengo wa ketapang amene a Kusno amaikamo. A Kusno ogulitsa nsomba za m'mabotolo panjinga. Gunadi pochoka anawapempha kuti azisamala madzi, ine ndizingodyetsa. "Madzi musakhudze, Amayi," anatero kawiri.

Koma anzake akaona madzi otere? Adzati amayi ake a Gunadi ndi auve, akulephera ngakhale kutsuka kagalasi kamodzi. Amuseka. Ali yekha pakati pa nyanja, amusekenso chifukwa cha ine?

A Kusno ali kumudzi ku ukwati wa mphwawo. Abwera Lolemba.

Loweruka, 11 Januwale

Ndatsuka. Jago ndinamuika m'mbale, masamba ndinataya, galasi ndinakwecha ndi sopo, madzi atsopano a pampopi. Oyera ngati mulibe kanthu. Ndinasunthira pazenera, kumbuyo ndinapachika mpango wanga wakuda. Pambali kagalasi koonera nkhope, monga ankachitira Gunadi. Jago ataona mnzake mmenemo anatambasula mchira wonse, kufuna ndewu. Ndinadina.

Chithunzi chake! Ngati cha pakalendala. Ndatumiza, adzachiona akafika padoko. Ndinaonetsa mayi Lastri oyandikana nafe, anati, "Iii, Sumirah, nthochi zisiye, katsegule situdiyo."

Ndakondwa lero. Papita nthawi.

Lamlungu, 12 Januwale

Jago sanadye. Mchira waupinda ngati ambulera yotseka. Mwina watopa. Mwina kagalasi kaja ndinakasiya nthawi yaitali. Mwina kuzizira. Ndapita kukamusuzumira kosawerengeka, nthochi ndapsereza.

Lolemba, 13 Januwale

A Kusno anangoima pakhomo, chipewa m'manja, maso pagalasi. Ananunkhiza madzi. "Achemwali, mwamusambitsa ngati mkwatibwi, koma nsomba si mbale." Akuti madzi a pampopi ali ndi mankhwala owotcha, amayenera kugona kaye mumtsuko. Sopo ndiye osanena. Ndinati madzi aja anali akuda. Anati, "Tiyi uja ndiye mankhwala ake, ndiye bulangete lake. Inu mwamuvula pamphepo."

Amusinthira madzi, aika masamba ndi kamchere. Sanandikalipire. Bola akanakalipa.

Ine ndinkayesa masamba ndi obisalamo basi. Bwanji sindinadikire masiku awiri okha?

Lachitatu, 15 Januwale

Jago wapita. Ndamupeza pansi, chogona chammbali, wotuwa. Ndamukulunga m'tsamba la ketapang, ndamukwirira patsinde la papaya.

Munthu wamkulu kulirira kansomba. Koma Gunadi anamulera ali kadontho. Tsiku lonyamuka anatsanzika ine, kenako Jago, ndipo kwa Jago anachedwa. Chinthu chimodzi chokha anandisiyira.

Sindinatsegule malonda.

Lachisanu, 17 Januwale

A Kusno abwera ndi nsomba ina m'kathumba ka pulasitiki. Yofiira, mchira womwewo. "Mapasa enieni," akutero. "Pachithunzi angadziwe ndani? Mwana ali panyanja, achemwali, musamusenzetse katundu wina." Ndalama akana.

Mwina akunena zoona. Munthu wokoka maukonde mutu uli kwina, chingwe chimamukola mwendo. Ndamvapo zotero. Nanga akamva za Jago n'kuterereka? Nanga akadzabwera n'kuzindikira kuti ndinamunamiza?

Mlendoyu akusambira bwino m'madzi ofiirira. Ndikayandikira amathawira kuseri kwa tsamba. Jago ankabwera kudzandijompha chala. Dzina sindinamupatse.

Lolemba, 27 Januwale

Sitima yafika padoko. Mauthenga awiri.

Woyamba kuseka kokhakokha, anzake akukuwa kumbuyo. "Amayi, mwaphunzira kuti kujambula? Onse agonja kuno!" Wachiwiri mawu asintha. "Amayi, tadikirani. Madziwo ayera chifukwa chiyani? Masamba ali kuti? Itanani a Kusno lero lomwe, chonde, musadikire mawa. Mukatero mumujambulenso ndimuone."

Lero lomwe.

Ndinaima ndi foni pamaso pa galasi. Dzuwa labwino pazenera, mpango wakuda ukadali pomwepo. Ndinaika kagalasi, mlendo anatambasula mchira, wofiira ndithu. Chikanatuluka bwino. Kujambula ndadziwa tsopano.

Sindinadine. Ndinatuluka panja, ndajambula patsinde la papaya. Udzu wayamba kale kumera pamenepo. Chithunzi chatuluka chosaoneka bwino. Ndichisiya chotero.

Sitima inyamuka madzulo. Mawu oyambira sindikuwapeza. Ndinene kuti mwanangu, ndinkafuna anzako asakuseke. Kapena ndiyambe ndi

Foni ikulira. Ndi iye.