Mwala wobiriwira wa m'sutikesi ya bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mlangeni tilipo, koma amayi chifuwa chija sichinawasiyebe.

Sabata yatha tinatsegula sutikesi ya malemu bambo pofuna mapepala a munda. Pansi pa jekete lawo tinapeza mwala wokulungidwa m'mpango, wobiriwira moderako, wonyezimira ngati galasi losweka. Amayi anauzindikira msanga. Akuti bambo anabwera nawo kuchokera ku mgodi wa kopa, ndipo ankati ndi umene unkawateteza pansi pa nthaka. Basi amayi anayamba kuupala ndi mpeni kuti ufa wake amwere m'madzi.

Mwamwayi a Maseko, aphunzitsi a sayansi aja, anali pakhomo. Anawagwira mkono nati, "Mayi, musayerekeze! Kubiriwiraku ndi kopa, koma ndikuganiza kuti mulinso aseniki, poizoni woopsa. Miyala yotere ndi yosowa, imapangika pamene madzi ndi mpweya zadya miyala ya kopa kwa zaka zambirimbiri."

Amayi anaika mpeni pansi n'kutembenukira kwa ine. Kenako anati, "Ine ndimati mwina bambo anu angandichiritse."

M'mawa mwake ndinapita nawo kuchipatala ku Boma, ndipo tsopano akumwa mankhwala. Mwalawo ndautsekera m'botolo, koma amaupempha tsiku lililonse kuti angouona.

Chonde aimbireni foni Lamulungu likubwerali. Paja mawu anu ndi a bambo enieni.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati