Macheka Opanda Mano

Lolemba, 10 Juni 1996

Chisanu. Chifunga mpaka pakhomo, phiri losaoneka. Kusukulu ndafika manja atauma, cholembera kukana kugwirika.

Pobwerera ndaona chipepala pa golosale ya a Ezara. Bandi ya Macheka yatulutsa chimbale chatsopano, "Chifunga Chachoka". Pachithunzi amuna atatu m'masuti oyera ngati operekera zakudya kuhotela. A Kenan, woimba wawo, patsogolo, mano onse panja. Abambo palibe.

Zaka zoposa makumi awiri abambo akuimba gitala mu bandi imeneyi. Dzinalo adatcha ndi iwo, ali anyamata kocheka matabwa ku Phiri la Dedza. Chaka chatha makina adawadya zala ziwiri za kumanzere, ndiye basi, munthu watha. Ngakhale dzina lokha pachipepala, ayi.

Ndawauza abambo. Amasankha mbewu ya kachewere pakhonde. "Waona bwino." Osadzutsa n'komwe mutu.

Lachinayi, 13 Juni

Ndachimva chimbale chija. A Ezara aika kaseti, sipika panja. Ine kuseri kwa mgolo wa madzi kuti asandione ndikumvetsera.

Si Macheka awa. Kiyibodi yokhayokha, tin'tin'tin ngati kawotchi ka pamsika. Ng'oma za m'makina, zosatuluka thukuta. Mawu ake: tikondane, tipemphere, tilime. Amayi ogulitsa tomato kumagwedeza mapewa. Mmodzi akuti tsopano ndiye ayamba kuimba za anthu.

Macheka enieni ndi a nyimbo ija, "Paini Wagwa". Roko yolemera, ya magitala amagetsi. Gitala ya abambo ikalowa pamenepo umaimva m'mano, agalu n'kuuwa mudzi wonse. Abambo adandiuza kuti nthawi ya chipani chimodzi anyamata ena adawagwira pamsika n'kuwameta tsitsi ndi botolo losweka, mawa lake iwo n'kukaimbabe, mitu ili mipala. Nthawi yoopsa ankabangula. Lero ufulu wabwera, akunong'ona.

Wa kiyibodiyo sadamuike pachithunzi. Mwina naye akuchita manyazi. Ayenera.

Loweruka, 15 Juni

Abambo apitanso "kukaonetsa dzanja". Chiyambire Malichi, Loweruka lililonse. Dzanjalo lidapola kalekale. Mankhwala sabwera nawo, amangobwera atatopa.

Nyumba yanga ndekha, amayi kudimba. Ndatsitsa gitala kudenga. Ili m'thumba la feteleza, fungo la utsi. Nsambo imodzi idaduka. Popanda magetsi imangolira ngati udzudzu, koma "Paini Wagwa" ndikuifikitsa pakati tsopano. Nsonga za zala zatupa. Ndikusangalala kuti zikuwawa.

Pobweza ndapeza thabwa kuseri kwa matumba. Lopalidwa bwino, mizere yojambula ndi makala, ina yaitali ina yaifupi, malo ena makala atafufutika ndi kugwiragwira. Mwina choyezera mizere ya kachewere. Chichokereni ntchito abambo amangopanga tinthu.

Fizi ya teremu ino yalipidwa. Aphunzitsi andiuza dzulo, ine ndidali nditakonzeka kale kuthamangitsidwa. Kachewere sitidagulitse. Ndafunsa amayi. "Iwe dziwa za mabuku."

Lachiwiri, 18 Juni

Ndajomba masana, ndapita kwa a Kenan ku boma. Njira yonse kuyeseza mawu: malo a abambo asafe, ine ndilipo, ndiphunzitseni.

"Mwana wa Gerevazio! Wakula mpaka ndevu zayamba kufunsa njira." Andipatsa tiyi. Ndanena zanga ngati mwana wa sitandade wani. Aseka, koma osati monyoza, ndiye zowawa kwambiri. "Phokoso lija anthu adatopa nalo, mphwanga. Pano akufuna yovina mwana ali kumbuyo osadzuka."

Pakona, chinthucho, kiyibodi ija. Chofunditsidwa nsalu ya tebulo ngati maliro. Andionetsa monyada. Ukadina chala chimodzi kumanzere, ng'oma, besi, zonse zimayamba zokha. Moyo wake uli m'kabokosi kakuda kolumikiza kumagetsi, akuti dzina lake ndi adaputa. "Kakatayika aka tagwa nayo, kuno sikapezeka."

Ndafunsa amene amaimba. Ayang'ana m'kapu. "Mkulu wina wake wamanyazi."

Minibasi ndalama idaperewera. Ndabwera wapansi, mphepo kumaso.

Lachinayi, 20 Juni

Timaotha moto kukhitchini, wailesi pa mpando. Aika ya Macheka yatsopano ija. Amayi afuna kusintha, abambo akuti isiyeni.

Ndalephera kudzigwira. Ndati izi si nyimbo, n'zidole. Ndati a Kenan agulitsa bandi ngati mbuzi yodwala. Ndati amene akuimba kiyibodiyo si woimba, n'kapolo wa makina, chala chimodzi basi, ngakhale munthu wopanda zala akhoza.

Ndimanenera iwo, abambo. Ndimafuna amve kuti m'nyumba muno muli munthu mmodzi amene sadaiwale.

Nyimbo yokha, tin'tin'tin. Abambo abisa dzanja m'jekete, akuti akukaona mbuzi. Mbuzi ndidatsekera ndine.

Amayi: "Pemphero, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Ndalakwa kutchula zala, ndikudziwa. Koma zinazo ndi zoona.

Lachitatu, 26 Juni

Sabata yathunthu, ine ndi abambo "mwadzuka bwanji" basi.

Mayeso a masamu, ndalakwa theka. Sopo watha.

Loweruka masana Macheka akukhazikitsa chimbale mu holo ku boma. Aliyense m'kalasi akupita, ngakhale aja ankati nyimbo za abambo n'zamisala. Abambo akuti iwo tsikulo ali ndi ulendo wa dzanja. Bwino. Asaone anthu akuvina pamanda pawo.

Holoyo ndimaidziwa. Kumbuyo kuli kachitseko kosatsekeka, nthambo zonse zimadutsa pamenepo, pansi pa nsalu yotchinga. Kabokosi kakuda, kokwana m'thumba la kabudula.

Sindiwononga kanthu. Ndingofuna anthu aone kuti ukazimitsa makina, bandi palibe.

Loweruka, 29 Juni

Ayi. Lero ayi.

Lachiwiri, 2 Julayi

Kusukulu sindidapite dzulo ndi lero. Ndati mutu. Ndilembe, mwina ndigona.

Ndidalowera kumbuyo nyimbo yachitatu ili mkati. Fumbi, nthambo, fungo la mikodzo. Pansi pa nsalu ndimangoona nsapato zoyera za wa kiyibodi, phazi limodzi likugunda pansi. Ndidalowetsa dzanja, kuzula kukhoma, kuzula kuchinthucho, m'thumba. Zonse zidafa kamodzi. Mawu a a Kenan okha kulendewera m'malere ngati malaya pachingwe.

Ndidaseka. Ndilembe zimenezonso. Ndidathamanga kuzungulira holo kuti ndikaonere kutsogolo.

Wa kiyibodiyo adamukhazika kuseri kwa masipika, anthu samamuona. Pofuna kuona chavuta, anyamata a bandi adakankha masipikawo.

Abambo. Suti yoyera yowakulira, chipewa chofika m'maso, nsapato zija. Amadinabe. Kachala kakang'ono ka kumanzere, kudina, kudinanso, chinthu chili chete. Kenaka adakweza manja ngati akupepesa, holo yonse n'kuona zala zitatu zija.

Wina kumbuyo, woledzera: "Gerevazio, nayonso yakudya zala?" Chiseko. Si onse, koma chidakwana.

Adafunafuna adaputa pansi ponse, a Kenan chogwada ndi suti yawo. Ine chiimire pakhomo, kabokosi kakutentha pantchafu. Ndikadangoyenda masitepe ochepa n'kupereka. Sindidapereke. Anthu adayamba kufuna ndalama zawo. Abambo adavula chipewa, kutsika, kudutsa pakati pa anthu osathamanga. Adandidutsa pafupi moti ndidamva fungo la sopo wa amayi pa suti. Sadandiyang'ane.

Thabwa lija si la kachewere, n'lophunzirirapo kiyibodi. Loweruka lililonse lija si chipatala. Fizi ija.

Ndine ndimati ndimaona zonse.

Lachinayi, 4 Julayi

Amayi andiuza tikusenda kachewere, maso pampeni. A Kenan sadawataye abambo. Abambo atatuluka m'chipatala, a Kenan adabwera kuno katatu kudzawapempha. Gitala inali itakanika, ndiye a Kenan adagulitsa njinga yamoto n'kugula kiyibodi, chifukwa ndi chokhacho chimene dzanja lija likadatha. Bandi yonse idasintha nyimbo kuti munthu mmodzi asatsale. Za pachithunzi abambo adakana okha. "Ankaopa iwe. Ankati mwana uja amandidziwa ndili ndi gitala."

Ndiye amene ndimamuda uja ndani? Mkwiyo ndikadali nawo, wonse, koma ulibe kopita. Nyimbozo sindikuzikondabe. Ndayesa kuzikonda lero, zakanika. Tin'tin'tin yemweyo. Koma tsopano ndikamva ndikuona kachala kaja.

Thabwa ndalipeza pamulu wa nkhuni. Ndalichotsa, ndalibisa pansi pa mphasa yanga.

A Kenan atuma mwana: Loweruka kuli dansi ina ku Kaphuka, adaputa abwereka kwa abusa ena ku Lilongwe. Abambo ayankha kuti auzeni apeze wina wa zala zokwanira.

Mawu anga amenewo. Angowatembenuza.

Lachisanu, 5 Julayi

Ndaika adaputa pamwamba pa thabwa, ndakaika pakhonde pamene amakhala. Ndaima pomwepo. Pakamwa panga "Ababa" yekha ndiye watuluka.

Sadadabwe. Ayang'ana kabokosiko.

"Ndidaliona dzanja likulowa pansi pa nsalu. Ndidalidziwa. Ndi langa lomwe lija lakale."

Ndimayembekeza kuti andimenya khofi. Bwenzi zili bwino.

Atenga thabwa, apukuta fumbi ndi mkono wa jekete. "Udanena zoona, n'chala chimodzi. Koma chandidyera miyezi inayi kuti chimve." Aliimika kukhoma, atenga khasu, kumunda.

Sadanene kuti apita. Sadanenenso kuti sapita.

Nsapato zoyera zinali pansi pa bedi, matope a ku boma akadali pomwepo. Ndatsuka. Ndapaka choko chimene ndidatola m'kalasi. Zayera moipa, ngati za mwana wa ubatizo.

Loweruka, 6 Julayi

Tsiku la ufulu, wailesi ikungosokosa. Chifunga chachoka mochedwa.

Nsapato pakhonde, suti pachingwe, amayi asita osafunsa munthu. Adaputa m'thumba la suti, ndaikamo ndine. Gitala ndabweza kudenga, ndamanga thumba ndi mfundo ziwiri.

Ndikulemba pawindo. Galimoto ya a Kenan yaima kumsewu, masipika kumbuyo, anyamata atakhalira. Hutala kamodzi. Abambo ali m'munda, chowerama, akukumba kachewere ngati sadamve.

Hutala kachiwiri. A Kenan atsika, aima pamphepete pa munda ndi suti yawo, sakuitana, angoima.

Amayi asiya kusesa.

Abambo aweramuka. Khasu likadali m'manja. Sakuyang'ana galimoto, akuyang'ana kuno, pawindo pano, ndipo ine sindikudziwa ngati nditulutse nsapatozo ndekha kapena