Dengu la pa Khonde la Sobhi

Shubra, Kairo
14 Okutobala 2010

Okondedwa achemwali anga Ihsan,

Sobhi. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa ndi limene limandidzutsa m'mawa asanaitanire mapemphero. Sobhi mng'ono wathu, amene ndinkamunyamula paphewa kuti aone ngamira za Idi, yemweyo amene anasaina pepala mu 1978 n'kundisiya kuchipatala cha amisala. Mundikhululukire kuti ndatsogoza iyeyo ndisanakupatseni moni. Muli bwanji ku Kuwait kumeneko? Ndamva kuti mukukhala kwa mwana wanu ndipo maondo akukuvutani. Mulungu akuchizeni. Keyala yanu wandipatsa mkazi wa wogulitsa mankhwala. Zilembo zikapindika musadabwe, sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, ndiponso mapiritsi amanjenjemeretsa dzanja.

Mwina simukudziwa kuti ndinatuluka. Chaka chatha kunabwera lamulo latsopano. Madokotala anatisonkhanitsa pabwalo, anati aliyense amene mutu wake wakhazikika apite kwawo, bola mbale wake abwere adzasaine kuti amusunga. Anthu anaomba m'manja. Girgis, amene bedi lake linayandikana ndi langa zaka makumi awiri, anandinong'oneza kuti, "Metwalli, akuti kwawo. Kwawo kwa ndani?" Tinaseka. Koma iyeyo kwawo kunalipo. Mlongo wake anabwera pa takisi, atanyamula juzi yatsopano, n'kumupesa tsitsi ife tikuona. Ine ndinatembenukira kukhoma. Girgis amalankhula ndi mipando, achemwali, amabisa buledi m'nsapato. Mutu wanga ndi wabwino kuposa wake kutalitali. Koma lero iye akugona m'chipinda cha zenera, ndipo akatsokomola pali wina amene amamva.

Sobhi anabwera a chipatala atamulembera makalata atatu. Wanenepa, ndevu zachita mbuu, akumutcha a Haji. Analemba ndi dzanja lake kuti ndizikakhala kwa iye, m'nyumba ya bambo, nsanjika yachitatu. Pepala lina anasunga a chipatala, lina anandipatsa ine. M'njira anandigulira madzi a nzimbe, ndipo mumtima ndinati magazi sataya. Titafika pa siteshoni ya sitima anati, "Dikirani pano achimwene, ndikauze mlamu wanu akonze chipinda." Ndinadikira masiku awiri.

Ndinapita ku nyumba ya boma yosungirako okalamba. Mayi wa pa tebulo anawerenga pepala lija nati, "Agogo, kunotu ndi kwa opanda kwawo. Inu kwanu kwalembedwa apa." Ndinabwerera kuchipatala kukapempha bedi langa. Mlonda wa pachipata, munthu amene ndinamupangira tiyi zaka zambiri, anati, "A Metwalli, inu mwachira. Musatichititse manyazi." Ndinasuzumira pa mpanda. Pa bedi langa panali munthu wina, atadzifunditsa bulangeti langa lija lopsa pakona. Ndinamuchitira nsanje munthu ameneyo, ndipo sindimudziwa n'komwe. Kuchoka apo ndagonapo pakhonde la mzikiti, pansi pa mlatho, ndi m'galimoto yakufa kuseri kwa msika.

Inu mukulidziwa lamulo la nyumba za lendi yakale. Bambo akamwalira, nyumba imatsalira mwana amene ankagona momwemo. Bambo anayamba kudwala m'nyengo yozizira ya chaka chija cha 1978. Sindikukana kuti chibwerere kunkhondo tulo sindinkatiwona, ndinkakuwa, ndipo tsiku lina ndinaswa kalilole wa amayi. Koma kodi kalilole mmodzi mlandu wake ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi? Patatha miyezi isanu ndi iwiri nditalowa m'chipatala, bambo anapita. Chaka chisanathe Sobhi anakwatira Wedad. Wedad yemwe uja amayi anakamufunsira ine, inu muli pomwepo mutanyamula maswiti.

Panopa ndili kwa a Hefni, wosita zovala, moyang'anizana ndi nyumba ya bambo. Musandifunse chifukwa chake ndinasankha pamenepa, miyendo inabwera yokha. A Hefni anafika mumsewu uno ine nditachoka kale, ndipo akale onse anatha kufa kapena kusamuka. Ndimawathandiza kuwaza madzi ndi kupinda zovala, iwo amandilola kugona pansi pa tebulo. Lachiwiri lililonse mikanjo ya Sobhi imabwera, nsalu yofewa ngati khungu la khanda. Mukudziwa mmene osita amawazira madzi ndi pakamwa. Zovala za anthu ena ndimawaza ndi dzanja. Za Sobhi ndimawaza ndi pakamwa, ndipo Mulungu andikhululukire, sakhala madzi okha.

Ndikakweza maso ndimaona khonde la m'mwamba lija. Madzulo Sobhi amakhala pa mpando wa bambo. Wedad amasenda lalanje n'kumamupatsa chidutswa chimodzichimodzi, iye osayang'ana n'komwe, kungotambasula dzanja. Zimenezo ndi zimene zimandiwawa, kuti sayang'ana. Akatsika, sayang'ananso mbali yathu. Nkhalamba yopanda mano ya kwa wosita, ndani angaiyang'ane kawiri?

Tsopano ndikuuzeni chimene ndachita, chifukwa mukamva kwa iye adzachipotoza.

M'mawa uliwonse Wedad amatsitsa dengu ndi chingwe kuti wogulitsa buledi aikemo. Mwezi watha wogulitsayo anatanganidwa ndi makasitomala, ndiye Wedad anaitana. "Agogo inu! Agogo a kwa a Hefni! Tandiikirani buledi m'dengumo, Mulungu akusungireni ana anu." Mawu ake sanasinthe, achemwali. Ndinawoloka msewu, ndinaikamo. Dengu linakwera. Ndikutembenuka, lija likutsikanso, muli mbale ya nyemba zotentha ndi buledi mmodzi. "Idyani, mutipempherere," anatero, akundiyang'ana m'maso mwenimweni, osaona kanthu.

A Hefni anaseka mpaka kuika simbi pansi. "Ehe! Nkhalamba yapeza chibwenzi cha m'mwamba! Anzathu chikondi chimatsika pa chingwe, ife timachita kukwera masitepe!"

Ndinkafuna kuzitaya nyembazo m'ngalande. Sindinazitaye. Ndinadya zonse, n'kupukuta mbale ndi buledi. Zinali ndi mandimu ndi chitowe, mmene amayi ankaphikira. Anamuphunzitsa ndi amayi, m'khitchini yathu, kuti adzaphikire ine.

Nanga mbale ya mnansi imabwerera yopanda kanthu? Amayi akanatimenya. Ndinafunafuna m'matumba. Ndinalibe shuga, ndinalibe ngakhale chipatso chimodzi cha kanjedza. Chimene ndinali nacho ndi pepala la kuchipatala lija, la dzina langa ndi siginecha ya Sobhi. Ndinalipinda bwinobwino, ndinaliika m'mbale, ndinagwedeza chingwe.

Ndinaona Wedad akulifunyulula. Anawerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi, mutu wake n'kubisika kuseri kwa zitsulo za khonde. Posakhalitsa Sobhi anatsika atavala masilipasi, akupuma ngati bulu wokoka ngolo. Analowa m'shopu, anandikokera kuseri kwa zovala zopachika.

"Achimwene, mukufuna mutiphe?"

Ndinati, "Ndikufuna chipinda chija unakakonza. Chaka chatha tsopano. Mlamu akusesabe?"

"Tsitsani mawu. Mwana wanga wamkazi akumufunsira mwana wa loya. Akangomva kuti m'banja mwathu muli munthu wa..."

"Maliza."

Anapukuta thukuta ndi dzanja la mkanjo umene ndinasita ine. Kenaka anati, "Msewu wonse umadziwa kuti mkulu wanga anafera ku Libya, ku ntchito. Wedad nayenso ankadziwa zomwezo mpaka lero. Tinamanga tenti ya maliro panja pano, masiku atatu. Ndingawauze chiyani anthu tsopano?"

Ndikanayenera kumugwira pakhosi. Mukudziwa chimene ndinafunsa? Ndinati, "Kunabwera anthu ambiri?"

Anandiyang'ana ngati misala yabwerera. "Ambiri," anatero. "Mipando inachepa."

"Wedad analira?"

"Analira sabata yonse. Mwakhutira?"

Sindinakhutire. Chichokereni tsiku limenelo ndimamuchitira nsanje Metwalli wa ku Libya uja. Iyeyo anali ndi tenti, ndi khofi, ndi wowerenga Kurani. Anali ndi mkazi womulira. Ine ndili ndi pansi pa tebulo. Sindinamufunse Sobhi ngati inu munalipo pa maliro amenewo, ngati ndinu munkalandira azimayi m'chipinda cham'kati. Kapena nanunso anakunamizani. Sindikufunsani, achemwali. Munali ndi ana aang'ono ndi mwamuna wovuta, ndikudziwa.

Sobhi anachoka akulonjeza kuti andipezera malo kwinakwake kumudzi. Sanabwerenso. Mikanjo yake tsopano ikupita kwa wosita wina, ndipo pakhonde apachika nsalu yotchinga. Kamodzi kokha ndinaona nsaluyo ikugwedezeka popanda mphepo. A Hefni anamva zonse, ndipo masiku ano tiyi amandithirira ine poyamba. Koma nawo akuchoka. Mwini shopu akufuna mwana wake azigulitsiramo mafoni, ndiye Idi ya nkhosa ikangodutsa a Hefni akubwerera kwawo ku Sohag. Kukuyamba kuzizira. Sabata yatha dokotala wa pa kiliniki anayang'ana chithunzi cha chifuwa changa nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati ndili ndi achibale. Si kanthu, ndi nthunzi ya simbi chabe.

Mupereke moni kwa ana anu onse, ngati akudziwa kuti ali ndi malume. Ngati sakudziwa, musavutike, muwapsompsone chabe osanena kuti zachokera kuti. Mukafuna kuyankha, lemberani kwa a Hefni Idi isanafike. Ikadutsa, sindikudziwa kumene kalata ingandipeze.

Chipinda sindikuchipemphanso. Mwana wake wamkazi akwatiwe, iyeyo sanandilakwire. Koma Sobhi munthu amene amamuopa padziko pano ndinu nokha, ndiye mumuimbire foni mumuuze ichi chimodzi. Ndikafa, asandisiye kwa a boma kuti andikwirire ngati munthu wotola. Andikweze masitepe aja. Andisambitse m'chipinda cha bambo, andikulunge nsalu yoyera momwemo, ndituluke pakhomo limene lija masana, mashopu ali otsegula, iye atasenza kutsogolo kwa chithatha. Ndipo anthu akaima n'kufunsa kuti wamwalira ndani, asayankhe wina. Ayankhe Sobhi.

Ine mlongo wanu, amene adakali moyo,
Metwalli